Galimoto yakale yadizilo: kuisunga kapena kugula ina?

KARONGA: Ogwira ntchito m'boma amene amayenda kawirikawiri pamsewu wa M1 pakati pa Karonga ndi Mzuzu amafika posinkhasinkha zogulitsa galimoto yadizilo ikayenda mtunda wautali.

Kuchuluka kwa makilomita pakokha si chifukwa. Injini yadizilo yosamalidwa bwino imakhalitsa. Chofunika n'kuona utsi wake, oilo amene ikumwa, komanso ngati ikutentha pokwera mapiri a Chiweta.

Kugula ina nakonso si masewera. Galimoto zochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam zimalowa pachipata cha Songwe n'kulipiridwa msonkho wa MRA, ndipo mitengo yake idakwera ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Koma galimoto ikamalephera kupeza COF, ndalama zokonzetsera n'kumayandikira mtengo wake, ndi bwino kuigulitsa ikadayendabe.