N'chifukwa chiyani chitseko chimavuta kutseka mvula ikayamba?

Mwina kwanu zimachitikanso: chitseko chimene chinkatsekeka bwinobwino mu Okutobala, pofika Januwale chayamba kukhula pansi, mpaka munthu achite kuchikankha ndi phewa. Palibe wachiwononga ayi. Chamwa madzi basi.

Thabwa lili ndi timachubu tambirimbiri, tomwe mtengo uli moyo tinkanyamula madzi kuchoka kumizu kupita kumasamba. Makoma a timachubuti ndi a cellulose, yemwe ali ndi magulu a OH ogwirana mosavuta ndi mamolekyu a madzi. Ndiye chinyezi chikachuluka mumpweya thabwa limafufuma, makamaka m'lifupi mwake. M'litali silisintha kwenikweni. Likakhalitsa ndi chinyezi chopitirira 20 peresenti, nkhungu imapezerapo mwayi, kenako limayamba kuwola.

Apa ndi pamene zopaka zimathandiza. Vanishi wa polyurethane amauma n'kupanga kachikopa kolimba pamwamba pa thabwa. Mafuta a linseed ndi a tung amalowa m'kati, ndipo kuuma kwake si kwa zovala pachingwe: amaphatikizana ndi okosijeni, mamolekyu ake n'kulumikizana ngati ukonde. Mafuta a tung si achilendo kuno. Mzinda wa Mzuzu unayambira pa esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940. Phula la njuchi nalo limakana madzi, kungoti silichedwa kufufutika.

Yesani nokha. Dontheza madzi pa thabwa losapaka, alowa n'kusiya chibanga chakuda. Pa thabwa lopaka phula, dontho limakhala lobulungira ngati lili pa tsamba la koko, chifukwa mamolekyu a madzi amakokana okhaokha kuposa mmene phula likuwakokera.

Nanga bwanji chitseko chonyezimira vanishi chimafufumabe? Kaikeni kagalasi pansi pake muone. Nthawi zambiri kalipentala amapaka kumaso ndi kumbuyo, n'kusiya kunsi ndi kumwamba, kumene timachubu tija tinadulidwa ndipo tili kukamwa yasa. Kumeneko madzi amalowa msanga kuposa kwina kulikonse. Kupala chitseko m'dzinja n'kungodzinyenga: chilimwe chikafika chidzanyala n'kusiya mpata.

Chenjezo kwa amene mukuphunzira zaukalipentala: kuphatikizana kwa linseed ndi okosijeni kumatulutsa kutentha, moti sanza zonyowa mafutawa zikaunjikidwa pakona zimatha kuyaka zokha. Muziziyanika panja, chilichonse pachokha, kapena kuziviika m'chitini cha madzi.