Kodi womenya mkazi angasinthe? Zoti muganizire posankha kukhala kapena kuchoka

Ngati inu, mwana wanu kapena mnansi wanu ali pabanja la nkhanza, pali funso limene limasowetsa tulo: kodi bambo ameneyu adzasintha? Ena amasinthadi. Koma kusinthako kumatenga nthawi yaitali, kumachokera kwa wochita nkhanzayo mwiniwake, ndipo kupirira kwa womenyedwa sikungakubweretse. Tiyeni tione zimene azaumoyo akudziwa pa nkhaniyi.

Vutoli ndi lalikulu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2021 kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anamenyedwapo kapena kugwiriridwa pa moyo wake, ndipo ambiri anachitiridwa zimenezi ndi mwamuna wawo kapena chibwenzi. Kuno kwathu, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo. Amuna nawonso amachitiridwa nkhanza ndi akazi awo, ndipo malangizo awa akuwakhudza, ngakhale ovulala kwambiri ndi ophedwa ambiri amakhala amayi.

Nkhanza si zibakera zokha. Kutukwanidwa pamaso pa ana, kulandidwa ndalama za geni, kuletsedwa kukaona abale, kufufuzidwa foni, kukakamizidwa kugonana, kubisiridwa ma ARV kapena kuletsedwa kulera, zonsezi ndi nkhanza. Cholinga chake ndi chimodzi: kulamulira mnzake pomuopseza.

Chifukwa chiyani kupepesa sikukwanira?

Mu 1979 katswiri wa maganizo a anthu wa ku America, Lenore Walker, anafotokoza mmene nkhanza za m'banja zimazungulirira. Poyamba m'nyumba mumalowa mantha, aliyense amayenda monyang'ama poopa kuputa bambo. Kenako kumabwera kumenya. Pambuyo pake kumabwera kupepesa, misozi, chitenje chatsopano ndi malonjezo. Pakapita masiku zimayambiranso. Si mabanja onse amene amatsata ndondomeko imeneyi, koma phunziro lake ndi lofunika: kupepesa kungakhale mbali ya nkhanzazo. Chitenje cha mawa lake sichitsimikizira kuti munthu wasintha.

Ambiri amanamizira mowa. N'zoona kuti mowa umachititsa kuti kumenya kuchitike pafupipafupi komanso kukhale koopsa. Koma dzifunseni: munthu yemweyo akaledzera amamenya abwana ake kuntchito kapena amfumu? Ngati amatha kudzigwira pamaso pa ena, ndiye kuti amasankha womumenya. Kusiya mowa kumathandiza, koma maganizo akuti mkazi ndi wofunika kulangidwa akatsala, nkhanza zimapitirira m'njira zina.

Kafukufuku akuti chiyani?

Kuyambira cha m'ma 1980, mumzinda wa Duluth ku America munayamba maphunziro a amuna omenya akazi, ndipo mayiko ambiri anatengera. Ofufuza atayeza zotsatira za maphunziro otere, makamaka kwa amuna otumizidwa ndi khothi, anapeza kuti phindu lake ndi lochepa, ndipo ambiri amasiyira panjira.

Nkhani yolimbikitsa inachokera ku Rwanda. Pa ntchito yotchedwa Bandebereho, abambo oyembekezera mwana ndi a ana aang'ono ankakumana m'magulu kwa miyezi ingapo, nthawi zina pamodzi ndi akazi awo, kukambirana za kulera ana, ndalama, mikangano ndi ulamuliro m'nyumba. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti amayi a m'mabanja amenewa omwe ananena kuti amenyedwa anali ocheperapo poyerekeza ndi a mabanja amene sanalowe nawo. Choncho amuna angasinthe, koma pamafunika miyezi, anthu ena omuyang'anira, ndi kufuna kwa mwiniwake. Dziwaninso kuti ntchito yotere cholinga chake ndi kupewa nkhanza m'dera. Si mankhwala a munthu amene waopseza kale kupha.

Mungadziwe bwanji kuti wasinthadi?

Yang'anani zochita kwa miyezi yambiri. Munthu amene akusintha amavomera zonse zimene anachita popanda kunena kuti “iwenso unandiputa”. Amafuna yekha thandizo ndipo amapitiriza ngakhale mkazi wabwerera. Amasiya nkhanza za mitundu yonse, kuphatikizapo kulanda ndalama ndi nsanje. Mkazi akakana chinthu kapena akakwiya, iye sabwezera. Mkazi akafuna kukhala kaye kwa makolo ake, amalemekeza ganizolo.

Amene sanasinthe amafulumizitsa kukhululukidwa, amatuma abale ndi akumpingo kuti akakamize mkazi kubwerera, amagwiritsa ntchito ana, kapena amaopseza kuti adzipha. Muyeso wosavuta ndi uwu: mukamva mapazi ake pakhomo, mtima umagundabe ndi mantha? Ngati ndi choncho, ulamuliro wa mantha ukadalipo.

Zizindikiro zoti moyo uli pachiswe

Pali zinthu zimene zikachitika, musadikirenso kuti muone ngati asintha. Choyamba ndi kukanyangidwa pakhosi. Kafukufuku wa ku America wa 2008 anapeza kuti mayi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake amakhala pachiopsezo chophedwa chochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa womenyedwa amene sanakanyangidwepo. Pakhosi pangaoneke popanda bala pamene mkati mwavulala. Mawu akasasa, kumeza kapena kupuma kukavuta, kapena ngati munakomoka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zina ndi kuopsezedwa ndi mpeni, chikwanje kapena mfuti, kuuzidwa kuti “ndikupha”, kumenyedwa muli oyembekezera, kukakamizidwa kugonana, kulondoledwa kulikonse, ndi kumenya kumene kukuchulukira kapena kukulirakulira. Kumenyedwa muli ndi pakati kungachititse kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena kubereka mwana wochepa sikelo. WHO imati mwa amayi onse ophedwa padziko lapansi, mpaka 38 mwa 100 alionse amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi.

Nanga ana?

Amayi ambiri amati akukhalira ana. Maganizo amenewa ndi omveka, pakuti fizi, chakudya ndi pogona nthawi zambiri zimadalira bamboyo. Koma ana amamva zonse ngakhale atafunda bulangeti kumutu. Mwana wokulira m'nyumba yomenyana angayambe kukodza pogona, kulota zoopsa, kulephera kusukulu kapena kumenya anzake, ndipo akakula amakhala pachiopsezo chachikulu chochita nkhanza kapena kuzilandira. Kumbukiraninso kuti lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo liyenera kusamalira mwana wake, ndipo khothi lingalamule bambo kupereka chithandizo ngakhale banja litatha.

Konzekerani, kaya mukhala kapena muchoka

Nthawi yochoka komanso miyezi yotsatira ndi yoopsa kwambiri, chifukwa wankhanza amaona kuti ulamuliro wake ukutha. Musalengeze pa mkangano kuti mukuchoka. Uzani munthu mmodzi wodalirika ndipo gwirizanani chizindikiro choti abwere kapena aitane anthu. Sungitsani kwa iye chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, zovala zochepa ndi mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV. Ikani kandalama pa Mpamba kapena Airtel Money ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Mkangano ukabuka, tayanani ndi kukhitchini komwe kuli mipeni, mukhale kufupi ndi khomo. Aphunzitseni ana kuthawira kwa mnansi, asamalowerere ndewu.

Mukavulazidwa pitani kuchipatala kuti mabala alembedwe, chifukwa umenewo ndi umboni. Mukagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oteteza mimba mwadzidzidzi amagwira ntchito mkati mwa masiku 5, koma kufulumira ndiye kwabwino. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi One Stop Centre komwe azaumoyo, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira malo amodzi. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit. Mungathenso kuimba ulere pa 5600 pa nkhani za nkhanza, kapena 116 ngati mwana ali pangozi.

Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khothi mphamvu zoletsa wankhanza kukuyandikirani kapena kukuopsezani, ngakhalenso kulamula kuti iye atuluke m'nyumba inu mutsale ndi ana. Simufunika kuthetsa banja kaye kuti mupemphe chitetezo chimenechi.

Kwa makolo ndi mavolontiya azaumoyo

Mwana wanu akabwera ndi diso lotupa, mawu akuti “banja ndi kupirira” angamubwezere kumanda. Muuzeni kuti pakhomo panu ndi pake nthawi ina iliyonse. Ankhoswe ndi ofunika pa mikangano ya masiku onse, koma pamene pali zizindikiro zoopsa tatchulazi, kukhazika awiriwo pamphasa imodzi kungaike mayi pangozi. Iye amaopa kunena zoona, ndipo akanena amakalipira kunyumba.

Inu mavolontiya, lankhulani ndi mayiyo ali yekha, popanda mwamuna, apongozi kapena ana akuluakulu. Mverani osamudula mawu. Musamufunse kuti analakwa chiyani. Muuzeni kuti palibe amene ayenera kumenyedwa. Funsani ngati akuona kuti ndi wotetezeka kubwerera kunyumba lero, ngati anakanyangidwapo pakhosi, ndi ngati ana ali bwino. Mulozereni kwa alangizi a zaumoyo, kuchipatala kapena kupolisi, ndipo ngati akufuna muperekezeni. Sungani chinsinsi, musapite kukadzudzula mwamunayo panokha. Koma mwana akamachitiridwa nkhanza, nkhaniyo iyenera kufika kwa apolisi kapena a zachisamaliro cha anthu.

Amayi ambiri amachoka ndi kubwerera kangapo asanapange chiganizo chomaliza. Musatope naye kapena kumunyoza akabwerera, chifukwa akachita manyazi sadzabweranso kwa inu tsiku limene zinthu zidzafike poipa. Chisankho ndi chake. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti akusankha akudziwa zizindikiro zoopsa, akudziwa kothawira, ndipo ali ndi nambala yoimba usiku.