Ku Senga Bay wamalonda amawerenga miyezi iwiri: wa pakhoma ndi wa kumwamba

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, msewu wochoka pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay supuma. Maminibasi a makwaya, mabasi a ana a sukulu, timagalimoto ta mabanja ochokera ku Lilongwe, zonse zimathamangira kumchenga. Anyamata a chiwaya amasowa nthawi yopukuta thukuta ndipo akabaza amachita kusankha wokwera. Koma pofika Lachiwiri, pamsewu womwewo mbuzi zimagona pa tala popanda woziimbira hutala.

Umu ndi momwe malonda a m'mbali mwa nyanja ku Salima amakhalira. Ndalama sibwera modontheza tsiku ndi tsiku ngati pamsika wa m'tauni. Imabwera mwa mafunde, ndipo amene fundelo lamupeza alibe katundu amadikira lina, mwina pakatha milungu inayi.

Chomwe chimapangitsa Senga Bay kukhala yotere ndi kuyandikira kwake ku likulu. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo kuchoka pamenepo kukaponda mchenga ndi makilomita ena pafupifupi 20. Munthu atha kunyamuka mmawa, kusamba m'nyanja, kudya nsomba, n'kukagona kwawo ku Area 25 tsiku lomwelo. Mlendo wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay nthawi zambiri amagona, ndipo amagula pang'onopang'ono. Wa ku Senga Bay ali ndi maola ochepa chabe, kuyambira cha m'ma 10 koloko mmawa mpaka dzuwa likapendeka, ndipo zonse zomwe agule amagula m'maola amenewo.

Masiku a alendo amadziwika. Pa kalendala ya pakhoma, tsiku lalikulu kuposa onse ndi 15 October, tsiku la anakubala. Limagwa dzuwa likuswa mtengo, nyanja ili bata, ndipo kwa Amalawi ambiri kukondwerera mayi n'kupita nawo kunyanja. Kenako pamabwera Khrisimasi, 26 December ndi chaka chatsopano, ndiye Pasaka ndi Eid. Maholide a 1 May, 14 May ndi 6 July amabweretsa anthu ndithu, koma ochepa, chifukwa nthawi imeneyo kumayamba kuzizira ndipo mwera umakhala utayamba kuvundula nyanja. Holide ikagwa Lachisanu kapena Lolemba, n'kukumananso ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, wamalonda ayembekezere chinamtindi cha anthu. Ikagwa Lachitatu pakati pa mwezi, asakongole ndalama chifukwa cha iyo.

Vuto ndi lakuti nyanja ili ndi kalendala yakeyake, ndipo siyang'ana ya boma.

Usipa, womwe ndi msana wa geni ya amayi ambiri m'madoko a ku Senga Bay, Lifuwu, Chikombe ndi Chipoka, amaupha usiku ndi khoka la chilimira. Siginala amatsogola pa bwato ndi nyali zowala, kale za parafini koma masiku ano zambiri ndi mababu a batire, ndipo usipa umasonkhana pa kuwalako mpaka anzake atauzinga ndi khoka. Mwezi ukawala kumwamba usiku wonse, nyali ya siginala imasanduka yopanda ntchito chifukwa nyanja yonse ili mbee, ndipo nsomba zimabalalika. Asodzi ambiri sataya mafuta a injini pachabe, amakhala kumtunda n'kumasoka makoka. Padoko usipa umachepa ndipo mtengo wa chigoba umakwera. Mwezi ukapita kumdima, zinthu zimatembenuka: mathandala amadzaza, ndipo wopikula amanenerera mtengo. Kuzungulira kumeneku kumatenga masiku 29 ndi theka, choncho sikuyendera limodzi ndi tsiku la malipiro. Miyezi ina mdima umakumana ndi kumapeto kwa mwezi, wamalonda n'kupeza katundu wotchipa ndi ogula a ndalama nthawi imodzi. Miyezi ina alendo amafika thandala lili gwaa.

Pali maholide awiri omwe ubale wawo ndi mwezi wa kumwamba susintha, ndipo n'zodabwitsa kuti ochita geni ambiri sadauonetsetse. Pasaka amawerengera kuti agwe Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 March. Izi zikutanthauza kuti chaka chilichonse sabata ya Pasaka imayandikana ndi kuwala kwa mwezi, nthawi yomwe usipa umavuta. Eid ya kumapeto kwa Ramadan ndiyo imabwera mwezi ukangooneka kumene, kutanthauza kuti masiku a mdima angodutsa ndipo nsomba zimakhalapo, ngati mphepo yalola. Wofuna kugulitsa usipa kwa alendo a Pasaka ayenera kupikula milungu iwiri isanafike holideyo, mdima udakalipo. Chomusokoneza ndi mvula ya mu March, yomwe imaoletsa nsomba pathandala. Apa usipa wofutsa ndi wowamba ndiwo umapulumutsa mpamba, ngakhale umadya nkhuni.

Mphepo nayo ili ndi nyengo zake. Mwera, womwe umaomba kuchokera kummwera chakummawa, umalimba kuyambira cha mu May mpaka August. Ukauka, mabwato amakhala kumtunda masiku angapo otsatizana, ndipo a zanyengo amachenjeza asodzi pa wailesi. Chenjezo limenelo si la asodzi okha. Wopikula wa ku Lilongwe kapena ku Mchinji amene wamva kuti kukubwera mwera koma n'kukwerabe galimoto usiku, amakafika padoko n'kupeza mafunde okhaokha, kenako n'kuyamba kudya mpamba pa malo ogona ndi chakudya akudikira kuti nyanja igwe. Mphindi ziwiri za foni kwa mnzake wa padoko zikadamusungira ndalama ya ulendo wonse.

Tiyerekeze ndi masamu osavuta, ongopereka chitsanzo. Mayi wanyamuka ndi K200 000, ndipo ulendo wopita ndi kubwera, kuphatikizapo kulipirira katundu, chiphaso cha msika ndi chakudya, wamudyera K40 000. Akapeza zigoba 20, chigoba chilichonse chasenza K2 000 ya ulendo. Akafika mwezi ukuwala n'kupeza zigoba 8 zokha, chilichonse chasenza K5 000, pamwamba pa mtengo womwe wakwera kale padoko. Pamsika sangakweze mulu kufika pamenepo chifukwa woyandikana naye benchi akugulitsa usipa womwe adapikula mumdima. Ulendo umodzi pa nthawi yake umaposa maulendo atatu ongoyendera chizolowezi.

Kenako pali kutseka kwa nyanja. Chaka ndi chaka, kuyambira mu November, nthambi ya boma yoona za nsomba imaletsa makoka ena pofuna kuti chambo chiswane. Nthawi imeneyi ndi yomweyo yomwe alendo a Khrisimasi amafika akufunsa chambo chowotcha. Ena amagwa m'mayesero ogula nsomba zophedwa mozemba, koma akakumana ndi alangizi a za nsomba kapena komiti ya padoko, katundu amalandidwa ndipo mpamba umathera pomwepo. Ochenjera amasintha geni m'malo molimbana ndi lamulo. November mpaka January ndi nyengo ya mango, ndipo Salima ndi kwawo kwa mango. Nkhuku ndi mbuzi ya kanyenya siziyang'ana ngati nyanja yatsekedwa. Nthawi ya mwera, pomwe nsomba ndi alendo zonse zimachepa, ndi nthawi yomwenso mpunga wa ku Lifuwu umakhala utangokololedwa ndipo mtengo wake uli pansi. Amene waugula n'kuusunga bwino amakaugulitsa kwa alendo a mu October ndi December utakwera.

Salima ilinso ndi chitsanzo chake cha kutseka chomwe sichidachokere ku Capital Hill. Pachilumba cha Mbenji, chomwe asodzi amapitako kudzera padoko la Chikombe, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumbachi chimatsekedwa mu December n'kutsegulidwa cha mu April ndi mwambo, ndipo m'miyezi imeneyo palibe msodzi wololedwa kukhalako. Chikatsegulidwa, utaka umatuluka wochuluka komanso wonenepa, ndipo opikula amakhamukira ku Chikombe. Wamalonda amene mpamba wake adauthera pa zina mu March amangoonerera anzake akudzaza matumba. Malamulo a pachilumbapo amaletsanso mowa, chamba ndi juga. Akuluakulu a kumeneko adaona kalekale komwe ndalama ya msodzi imathera.

Nkhani imeneyi ikukhudza wamalonda wa kumtunda chimodzimodzi. Ndalama ya pa 15 October imabwera tsiku limodzi, yambiri, yamapepala ang'onoang'ono, munthu atatopa ndipo nyimbo zikulira mbali zonse. Usiku womwewo anzake amamuitanira kumowa, ana amafuna zawo, ndipo mawa lake kuli mpira wobetcha. Pofika pa 20 ndalama ija yatha, ndipo yopikulira katundu wa mu November ikuchokera kwa wakatapila. Njira yomwe yathandiza ambiri ndi yosavuta: mpamba uchoke m'thumba dzuwa lisanalowe. Kaya waikidwa ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba, kaya waperekedwa ku banki m'khonde, bola usagone pamodzi ndi phindu. Koma wodalira ma ejenti akumbukire kuti pa tsiku la chikhamu iwonso ndalama ya mufoni imawathera, choncho ndi bwino kuika kawiri kapena katatu masana kusiyana n'kudikira madzulo.

Alendo nawo sali amtundu umodzi. Banja lobwera pa galimoto yawo kawirikawiri limanyamula zakumwa ndi nyama kuchokera m'masitolo a ku Lilongwe. Chomwe limasowa likafika ndi ayezi, makala, tomato ndi anyezi, kabudula wosambira wa mwana amene wayiwala wake, chubu chosambira, ndi bwato lopita kuchilumba cha Namalenje. Ana a sukulu ndi a kwaya amabwera ambiri koma aliyense ali ndi kandalama kochepa, ndiye amafuna chipisi cha mtengo wotsika, mafilizesi, thobwa ndi mandasi, ndipo wogulitsa wopanda chenje amataya theka la makasitomalawa. Gulu lachitatu ndi la anthu a misonkhano m'mahotela, omwe amakhala pakati pa sabata. Awa masana saoneka, koma Lachisanu pobwerera amaima pamsewu kugula nsomba zouma, mpunga, mipando ya nsungwi ndi ziboliboli. Ndi makasitomala abwino, kungoti boma likangolengeza zochepetsa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, misonkhano ya kunyanja ndiyo imayamba kudulidwa.

Zoimbaimba zikuluzikulu ndi funde lina, koma losadalirika. Sand Music Festival, yomwe adayambitsa malemu Lucius Banda, yachitikapo kangapo pamchenga wa Sunbird Livingstonia. Lake of Stars idabwera ku Kabumba Hotel mu 2018, koma chaka chotsatira idasamukira ku Nkhata Bay. Phwando lotere limasuntha malinga ndi eni ake, ndiye si chinthu chomangira shopu. Komanso malo ogulitsira mkati mwa mpanda amalipiritsa, ndipo wamalonda awerengere kaye kuti agulitse mbale zingati asanabweze ndalama ya malowo. Nthawi zina wokhala kunja kwa geti, pomwe anthu amatsikira ndi kudikirira magalimoto mbandakucha, amapita kwawo ndi zambiri kuposa wa mkati.

Ngakhale mchenga weniweniwo si wokhazikika. Mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri mpaka kumeza magombe ndi kulowa m'malo ena ogona alendo ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota. Omwe adamanga mabenchi ndi mathandala pafupi ndi madzi adasamuka mwadzidzidzi. Madzi a m'nyanjayi amafika pachimake cha mu April ndi May, mvula itatha, ndipo amatsika pang'onopang'ono mpaka cha mu November ndi December. Womanga chisakasa mu October, pomwe gombe lili lalikulu, ayang'ane pomwe padalekezera zinyalala za madzi a chaka chatha, amange kumtunda kwake.

Nanga kupuma? Wamalonda wa padoko amadzuka usiku kukadikira mabwato, masana ali pathandala, madzulo ali pamsewu. Sangapume Loweruka kapena pa holide ngati wa muofesi, chifukwa tchuthi cha ena ndiyo ntchito yake. Koma masiku ake opuma alipo, ndipo nyanja ndiyo imamupatsa: masiku anayi kapena asanu a mwezi wowala, Lolemba ndi Lachiwiri la pakati pa mwezi, ndi sabata za mwera wolimba. Amenewo ndi masiku okonza thandala, kulondola ngongole, kupita ndi mwana kuchipatala, kukaona makolo ku Khombedza kapena ku Thavite, ngakhalenso kukhala pansi pa mtengo n'kusewera bawo. Ambiri amakhalabe pabenchi masiku otere kuyambira mmawa mpaka madzulo, n'kugulitsa milu iwiri, kenako holide ikafika thupi lakana.

Makalendala ambiri omwe mabanki ndi masitolo a zipangizo za ulimi amagawa mu January amaonetsa timizere ta mwezi pambali pa masiku: kabwalo kakuda ndi mdima, koyera ndi mwezi wathunthu. Pa foni napo zimapezeka. Wamalonda atha kutenga cholembera, kuzunguliza maholide ndi masabata a malipiro, n'kuona pomwe akukumana ndi kabwalo koyera. Pamenepo ndi pofunika kupikuliratu milungu iwiri m'mbuyo, ndipo thumba la usipa wouma lisungidwe pamwamba, pamalo opita mphepo, osati pansi pa simenti pomwe limakoka chinyezi.