Chipululu cha Kalahari ndi Nkhani ya Madzi

Tikamva mawu akuti chipululu timaganiza za mchenga wokhawokha wopanda ngakhale kaudzu. Kalahari sali choncho ayi. Chipululuchi, chotalikirana ndi nyanja yamchere, chatenga gawo lalikulu la Botswana ndi mbali zina za Namibia ndi South Africa, malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 900,000. Udzu ulimo, mitengo yaminga ilimo, mvulanso imagwa ndithu: kumpoto chakum'mawa imafika mamilimita 500 pachaka, koma kumwera chakumadzulo siikwana 250.

Nanga tikuchitchuliranji chipululu? Chifukwa mchenga umameza mvulayo msangamsanga, dzuwa n'kuumitsa yotsalayo. Ngakhale mtsinje wa Okavango, wochokera kumapiri a Angola, sufika kunyanja: umamwazikana m'madambo ndi kuthera momwemo.

Anthu a mtundu wa San akhala m'menemo zaka zikwizikwi. Ludzu ankalithetsa ndi mavwende akutchire ndi mizu yamadzi, ndipo madzi ochepa amene apeza ankawasunga m'mazira a nthiwatiwa okwirira mumchenga.

Zinthu zidasintha pamene anthu adayamba kuboola zitsime zakuya. Ng'ombe zidachuluka, zidamaliza msipu wozungulira zitsimezo. Mipanda yawaya yoteteza ng'ombe ku matenda idatsekanso njira za nyama zakutchire, kotero kuti pa chilala cha m'ma 1980 nyumbu zikwizikwi zidafa zikufunafuna pomwera.

Anthu nawonso sadapulumuke. Malo otchedwa Central Kalahari Game Reserve adakhazikitsidwa mu 1961 Asani akukhalamo, koma mu 1997 ndi 2002 boma la Botswana lidasamutsa ambiri a iwo, ndipo chitsime cha ku Mothomelo chidatsekedwa. Mu 2006 Khoti Lalikulu lidagamula kuti kusamutsako kudali kosemphana ndi malamulo. Komabe kubwerera kwanu wopanda madzi n'kubwerera kotani? Mpaka mu 2011 ndi pamene khoti la apilo lidawalola kutunganso pachitsimepo.

Tiyeni tsono tizindikire ichi: m'dziko louma, amene wagwira chitsime wagwira moyo wa mnzake. Nzosadabwitsa kuti ndalama ya Botswana, imene idayamba mu 1976, adaitcha Pula, ndiko kunena kuti mvula.