Laputopu yanga inkagona osadzukanso

Ntchito imene imandidyetsa ndi yokonza makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a chinkhoswe ndi a maliro. Ofesi yanga ndi tebulo la pabalaza kwathu ku Chilomoni, ndipo khasu langa ndi laputopu yakale imene ndinagula kwa munthu. Chaka chatha inafika potopa kwambiri moti ndikaiyatsa, ndinkapita kukatereka madzi a tiyi n'kubwerako isanamalize kutseguka.

Mnzanga wina anandiuza kuti vuto ndi hard drive. Mkati mwake muli kambale kamene kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kasingano koyendayenda kufunafuna fayilo. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imasunga zinthu ngati mmene imachitira memory card ya mufoni. Nditalandira ndalama ya chipereganyu ndinagula SSD ya 240 GB, n'kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe. Iye anakopera zonse za mu hard drive yakale mmene zinalili, Windows ndi mafayilo omwe, n'kuziika mu SSD.

Tsiku limenelo ndinasangalala zedi, chifukwa laputopu inkatseguka ndisanakhazikike n'komwe pampando. Koma sabata isanathe inayamba kumangoima ndikamasunga fayilo yokhala ndi zithunzi zambiri. Ndinabwereranso ku Limbe mtima uli m'mwamba.

"Achimwene, kodi sindinagule chinthu chabodza ine?"

"Khalani pansi kaye, achemwali. Tisaiweruze tisanaifunse."

Anatsegula kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, ndipo kanasonyeza kuti SSD ili bwinobwino. Zovuta zinali ziwiri, ndipo zonse zinasamuka nafe kuchokera ku hard drive yakale.

Choyamba, SSD inali itadzaza. Ya 240 GB imaoneka ngati 223 GB mu Windows, ndipo ine ndinali nditatsala ndi malo osakwana 10 GB. SSD silemba pamwamba pa zinthu zakale. Imayamba yafufuta chigawo chonse, ndiye malo akachepa imataya nthawi kusunthasuntha zinthu kuti ipeze polemba. Anandilangiza kuti ndizisiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu. Mafilimu ndi zithunzi za maukwati akale tinazibwezera mu hard drive yakale ija, imene tinaiika m'kabokosi ka USB.

Chachiwiri chinali mu BIOS, muja mumalowa laputopu ikangoyaka Windows isanatseguke. Disiki inali pa IDE, njira yakale, m'malo mwa AHCI. Pa AHCI kompyuta imatha kupereka ntchito zokwana 32 kwa disiki nthawi imodzi, pamene pa IDE imapereka imodziimodzi. Koma apa samalani. Mukangosintha mwachisawawa, Windows ikhoza kukana kutseguka, n'kukuonetsani sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Iye anayamba wauza Windows kuti idzatsegukire mu Safe Mode, kenako anasintha BIOS, n'kuibwezera pa katsegukidwe ka masiku onse. Anaonanso ngati TRIM ikugwira ntchito, imene imauza SSD malo a mafayilo ofufutidwa kuti iwakonzeretu. Mu Command Prompt analemba fsutil behavior query DisableDeleteNotify, ndipo yankho linali 0, kutanthauza kuti ili bwino.

Ndinabwerera kunyumba laputopu ikuthamanga ngati yatsopano. Ndinkati zatha.

Lachisanu lotsatira ndinalandira ntchito ya pulogalamu ya maliro, yamasamba anayi, yofunika Loweruka m'mamawa. Nditafika patsamba lomaliza, cha m'ma 10 koloko usiku, magetsi anazima. Ndinangotseka laputopu monga ndinazolowera kuti ndisunge batire. Nditaitsegula m'bandakucha, kagetsi kake kanayaka, fani inayamba kulira, koma sikirini inali bii. Ndinadina mabatani onse, osatheka. Mapeto ake ndinakanikiza batani loyatsira mpaka inazima. Itayakanso, fayilo ija inali ndi tsamba loyamba lokha, lomwe ndinasunga madzulo. Mbiri ya malemu, manambala a nyimbo ndi ndondomeko ya olankhula, zonse ndinayambiranso kulemba kuchokera pa mauthenga a pa WhatsApp. Bambo amene anabwera kudzatenga mapepalawo anadikira pakhonde kupitirira ola. Sanandikalipire, ankangoyang'ana wotchi. Zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Lolemba ndinali ku Limbe kachitatu. Mnyamata uja anandifotokozera kuti laputopu ikagona, ntchito yanu imakhala mu RAM, pamene zida zina zimazimitsidwa kapena kuchepetsedwa mphamvu. Ikamadzuka, Windows imaitana disiki, ndipo disiki ikapanda kuyankha, zonse zimaima. AHCI, yomwe tinayatsa ija, ili ndi njira yakeyake yochepetsera magetsi pa chingwe cha pakati pa disiki ndi kompyuta, ndipo ma SSD ena sagwirizana bwino ndi malaputopu ena akale pa nkhani imeneyi.

"Ndiye kuti pokonza liwiro tinaputa zina?" ndinafunsa.

"Eya, koma kubwerera ku IDE ayi. Izi zili ndi mankhwala ake."

Anayamba wakopera mafayilo anga onse ofunika, n'kulumikiza chaja, chifukwa magetsi akathima pamene mukusintha firmware, SSD ikhoza kuwonongekeratu. Firmware ndi kapulogalamu kokhala mkati mwa SSD momwemo, ndipo yatsopano anaitenga kudzera m'pulogalamu ya kampani imene inapanga SSD yanga, osati kwina kulikonse. Anaikanso madalaivala a chipset ochokera kwa opanga laputopu. Kenako mu Power Options anatulutsa gawo limene limakhala lobisika, la AHCI Link Power Management, n'kuliika pa Active kuti chingwe chija chisamagone. Anazimitsa Fast Startup, imene imachititsa kuti kompyuta isazimiretu mukadina Shut down. Pomaliza analemba powercfg /h off, kenako powercfg /h on, kuti fayilo ya hibernate imene inachokera ku hard drive yakale ipangidwenso mwatsopano.

Sindinachoke pomwepo. Tinaigoneka ndi kuidzutsa kakhumi, ili pa chaja komanso pa batire, ndipo inadzuka maulendo onse. Chimene ndinataya n'choti batire imatha msanga pang'ono kusiyana ndi kale. Kwa ine bola zimenezo.

Ngati yanu ikuvuta mwanjira ina, monga kudzuka yokha m'chikwama n'kutentha, lembani powercfg /lastwake mu Command Prompt ndipo idzakuuzani chimene chinaidzutsa. Nthawi zambiri imakhala mouse kapena khadi ya netiweki. Ndipo zonsezi zikakanika, chotsala n'kuika Windows mwatsopano m'malo mokopera yakale ndi matenda ake omwe. Safunsa anadya phula: ngati BIOS simunalowemo chibadwire, pitani kwa wodziwa, koma mupite mukudziwa zoti mumufunse.

SSD imene ndinkafuna kukabweza ija ndikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Chimene chinasintha kwambiri ndi ineyo. Masiku ano chala changa chimadina Ctrl ndi S ndikangomaliza ndime iliyonse, ndipo magetsi akazima usiku sinditsekanso laputopu n'kupita kukagona. Ndimasunga fayilo, n'kuikopera pa fulashi, kenako n'kudina Hibernate, imene imalemba ntchito yonse pa disiki isanazime. Pulogalamu ya maliro siidikira kuti laputopu idzuke.