Kusiyanitsa Ombwe ndi Zitsamba Zofanana Naye: Zomwe Kafukufuku Wapeza

Mawu oyamba

Ombwe, yemwe ena amati mthuthu ndipo kumpoto amati mtetezga, ndi chitsamba cha m'gulu la nyemba chomwe chimamera chokha m'tchire komanso chimabzalidwa m'minda. Dzina lake la sayansi ndi Tephrosia vogelii. Alimi amachikonda pa zifukwa ziwiri. Mizu yake imaonjezera nayitirojeni m'nthaka, ndipo masamba ake amapha tizilombo monga nsabwe za m'masamba, anankafumbwe a nyemba ndi khobwe, komanso nkhupakupa za ziweto. Komabe alimi ena akhala akudandaula kuti amapopera kapena kuthira ombwe motsatira malangizo koma tizilombo osafa. Kafukufuku wasonyeza kuti nthawi zina vuto silikhala pa kapangidwe ka mankhwala, koma pa mtundu wa chitsamba chomwe mlimi wathyolako masamba.

Maonekedwe a ombwe weniweni

Ombwe amatalika kuyambira mita imodzi mpaka mamita 4. Nthambi zake zanthete zimakutidwa ndi ubweya wambiri wofewa, wachikasu kapena wofiirira ngati dzimbiri. Tsamba lililonse limakhala ndi timasamba tambiri tokhala tiwiritiwiri moyang'anizana, ndi kamodzi kumapeto. Kunsi kwa timasambati kumakhala ubweya wosalala. Maluwa ake ndi aakulu, ooneka ngati a nandolo, ndipo amatuluka mothithikana kunsonga kwa nthambi. Zitsamba zina zimachita maluwa oyera, zina apepo. Makoko a mbewu zake ndi aatali masentimita 10 kapena kuposerapo, otambalala kuposa sentimita imodzi, ndipo amakhala ndi ubweya wambiri wofewa ukawagwira.

Zitsamba zomwe zimasokoneza

Choyamba ndi Tephrosia candida. Chitsambachi kwawo ndi ku India, ndipo chinafalitsidwa m'mayiko ambiri otentha kuti chizibwezeretsa chonde m'nthaka. Maluwa ake ndi oyera, ndiye chifukwa chake anthu ambiri akaona ombwe wa maluwa oyera amaganiza kuti ndi candida. Kusiyana kwake kuli pa makoko ndi timasamba. Makoko a candida ndi opyapyala, safika sentimita imodzi m'lifupi, ndipo ubweya wake ndi waufupi, wogonera pa khoko. Timasamba take n'topyapyala kuposa ta ombwe, ndipo maluwa amakhala motayana pa phesi lalitali.

Chachiwiri ndi Mundulea sericea, chomwe chimamera m'nkhalango ndi m'malo amiyala. Maluwa ake ndi apepo ndipo masamba ake amawala ngati siliva chifukwa cha ubweya wosalala. Chizindikiro chake chachikulu ndi khungwa, lomwe limakhala lokhuthala, lofewa ndi long'ambikang'ambika chitsambacho chikakula. Khungwa la ombwe silikhala lotero.

Palinso mitundu ing'onoing'ono monga Tephrosia purpurea yomwe imamera m'mbali mwa misewu. Imeneyi sivuta kuizindikira chifukwa kawirikawiri sipitirira mita imodzi, ndipo maluwa ndi makoko ake ndi aang'ono kwambiri.

Zomwe kafukufuku anapeza

M'chaka cha 2012, akatswiri a ku Natural Resources Institute ya pa University of Greenwich ndi a ku Royal Botanic Gardens, Kew ku Britain, mogwirizana ndi ofufuza a ku Malawi kuphatikizapo a pa malo ochitira kafukufuku a Lunyangwa ku Mzuzu, anafalitsa zotsatira za kuyeza masamba a ombwe wotengedwa m'minda ya alimi. Iwo anapeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yomwe imafanana kunja koma imasiyana pa mankhwala omwe ali m'masamba.

Mtundu woyamba uli ndi mankhwala a gulu la rotenone, makamaka otchedwa deguelin, ndipo awa ndiwo amapha tizilombo. Mtundu wachiwiri ulibe mankhwala amenewa. Atauyesa pa anankafumbwe a khobwe, mtundu woyamba unapha tizilomboti pomwe wachiwiri sunathandize.

Masamba anatengedwa m'malo 13 m'Malawi momwe alimi amalima ombwe pofuna mankhwala a tizilombo. Pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zilizonse chinali cha mtundu wachiwiri. Ofufuzawo anapezanso kuti zitsamba zomwe zinkadziwika ndi dzina loti candida zinali ombwe wa mtundu wachiwiriwu. Izi zinatsimikizika poyeza DNA ya zitsambazo.

Kafukufuku wina wa mu 2019, yemwe anayeza masamba ochokera ku Malawi, Tanzania ndi Kenya, anapeza mtundu wachitatu womwe uli ndi mankhwala a mitundu yonse iwiri ija. Mtundu woyamba ndi womwe unapezeka wochuluka.

Tanthauzo la zotsatirazi

Kuyang'ana makoko, ubweya ndi khungwa kumathandiza kudziwa ngati chitsamba ndi ombwe kapena ayi. Koma maso okha sangathe kusiyanitsa ombwe wamphamvu ndi wopanda mphamvu, ndipo mtundu wa maluwa si umboni wokwanira. Mlimi yemwe wasunga matumba ake a khobwe ndi masamba a mtundu wachiwiri amakhala kuti sanathire kalikonse, ndipo amadzazindikira zokolola zitafumbwa kale. Ombwe wa mtundu wachiwiri si wotaya ayi. Amabwezeretsa chonde m'nthaka, koma asadaliridwe ngati mankhwala.

Malangizo kwa alimi ndi alangizi

1. Zindikirani chitsamba nthawi yomwe chili ndi maluwa ndi makoko. Masamba okha amasokoneza.

2. Yesani mphamvu yake musanachidalire. Yanikani masamba pamthunzi ndi kuwasinja. Ikani khobwe wofanana muyezo m'mabotolo awiri, muikemo anankafumbwe amoyo ofanana chiwerengero, ndipo muthire ufa wa ombwe m'botolo limodzi lokha. Tsekani ndi kansalu, ndipo pakapita masiku angapo werengani tizilombo tomwe tafa m'botolo lililonse. Ngati palibe kusiyana, chitsambacho musachidalire.

3. Tengani mbewu kuchokera ku zitsamba zokhazo zomwe zaonetsa mphamvu, ndipo muzibzale patali ndi zomwe simunaziyese.

4. Popanga mankhwala opopera, onjezerani sopo pang'ono m'madzi onyikamo masamba. Mankhwala a m'masambawa sasungunuka bwino m'madzi okha.

5. Pomwe pali chikaiko, alangizi athyole nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi makoko, ayipanikize pakati pa nyuzipepala mpaka iume, alembe malo ndi tsiku, ndipo ayitumize ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba.

Chenjezo

Ombwe amapha nsomba. Musatsukire zopopera kapena kutaya zotsala mumtsinje, m'dambo kapena pafupi ndi maiwe a nsomba. Phimbani mphuno ndi pakamwa posinja masamba, sambani m'manja mukamaliza, ndipo nyemba kapena khobwe wothiridwa ufa wa ombwe apetedwe ndi kutsukidwa bwino asanaphikidwe.