Mabakiteriya a M'matumbo: Tikawadyetsa Bwino, Mtima Umapepukidwa

Mwezi ukatha, malipiro akatuluka m'maesiteti a tiyi, ziwaya za tchipisi zimafuka utsi m'misika ya kuno kwa Nsabwe. Ambirife timaona ngati tatukuka tikasiya mgaiwa n'kuyamba ufa woyera, tikasiya nandolo n'kugula soseji, ana n'kumatsitsira sikono ndi zoziziritsa kukhosi. Komatu m'midzi yomweyi maliro a anthu ogwa mwadzidzidzi ndi sitiroko si achilendonso. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Mchere wambiri, kunenepa ndi fodya timazidziwa kale. Chimene sitikambirana kawirikawiri ndi zimene zimachitika m'matumbo mwathu.

Si onse ali adani

Tikamva za mabakiteriya timaganiza za kolera ndi kutsegula m'mimba. Koma m'matumbo aakulu a munthu aliyense wathanzi mumakhala mabakiteriya mabiliyoni osawerengeka, ndipo ochuluka ndi otithandiza. Chakudya chawo ndi zija mimba yathu imalephera kugaya: madeya a chimanga, makoko a nyemba, timitsitsi ta masamba ndi zipatso. Akadya zimenezi amatulutsa timadzi tina, monga butyrate, timene timadyetsa khoma la matumbo kuti likhale lolimba.

Khoma limeneli lili ngati mpanda wa dimba. Kuseri kwake kuli asilikali ambiri a chitetezo cha m'thupi, amene amaphunzira kwa mabakiteriyawa kusiyanitsa mdani ndi mlendo wabwino. Mabakiteriya abwino akasowa chakudya amachepa, mpanda umafooka, ndipo zoipa za m'matumbo zimayamba kudutsira m'magazi. Asilikali aja amakhala akumenya nkhondo usana ndi usiku. Uku ndi kutupa kwa m'kati kumene sitikuona kapena kumva kuwawa, koma pakapita zaka kumathandizira kuwononga mitsempha ya magazi: imauma, mafuta amamatirira, njira ya magazi n'kuchepa.

Zimene anapeza kwathu konkuno

Zina mwa zimene dziko likudziwa pa nkhaniyi zinachokera m'midzi ya m'Malawi. Mu 2012, gulu la Dr. Jeffrey Gordon wa ku Washington University ku St. Louis linalengeza kuti anthu akumudzi kuno ali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya a m'matumbo kuposa anthu a m'mizinda ya ku America. Mu 2013 gulu lomweli linafotokoza za mapasa a m'mabanja 317 a kuno amene linawatsatira ali aang'ono. M'mabanja ena, mwana mmodzi ankadwala matenda otupikana mnzake ali bwinobwino, chonsecho akuleredwa ndi mayi mmodzi. Ofufuzawo atatenga mabakiteriya a mwana wodwalayo n'kuwaika mu mbewa zimene ankazidyetsa chakudya cha Chimalawi, mbewazo zinawonda. Apa zinaoneka kuti chakudya ndi mabakiteriya zimayendera limodzi.

Nanga mtima? Madokotala a ku Cleveland Clinic, motsogozedwa ndi Dr. Stanley Hazen, anaonetsa mu 2013 kuti tikadya nyama yofiira, mabakiteriya ena amasandutsa mbali ina ya nyamayo kukhala chinthu chimene chiwindi chimachimaliza n'kukhala TMAO. Anthu okhala ndi TMAO wambiri m'magazi amapezeka kawirikawiri ndi matenda a mtima. Anthu amene sadya nyama ankapanga TMAO wochepa kwambiri. Nawonso kafukufuku wa Adventist Health Study-2 wa ku Loma Linda University, wa abale ndi alongo athu pafupifupi 96,000 ku America ndi Canada, anapeza kuti osadya nyama savutika kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi. Zimatikumbutsa Danieli ndi anzake atatu ku Babulo, amene anapempha zamasamba ndi madzi m'malo mwa chakudya cha mfumu.

Tiyambire kukhitchini

Mwayi wathu ndi woti mankhwalawa ali kuseri kwa nyumba. Popita kuchigayo, tigayitse mgaiwa m'malo mokonola chimanga chonse; madeya amene timapatsa nkhuku ndi omwe matumbo athu akusowa. Nandolo, khobwe, nyemba ndi kalongonda wophikidwa mokwanira zisasowe pa sabata. Tisinthesinthe masamba: lero nkhwani wotendera, mawa chisoso, mkuja kholowa kapena bonongwe, pakuti mtundu uliwonse wa mabakiteriya uli ndi chimene umakonda. Wopita kukathyola tiyi m'mamawa atenge mbatata yophika, nthochi kapena peyala m'malo mwa mandasi. Ngati simunazolowere nyemba, onjezerani pang'onopang'ono ndipo muzimwa madzi ambiri. Mpweya wa m'mimba umachepa thupi likazolowera.

Tisamalenso ndi makapisozi ogula pa okala. Mankhwala opha mabakiteriya sasankha, amapha oipa ndi abwino omwe, ndipo chimfine wamba sachiza. Koma amene adokotala atilembera, kuphatikizapo Bactrim wa abale athu amene ali pa ma ARV, timwe monga atiuzira.

Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa mankhwala a BP. Amene munayamba kumwa, musasiye chifukwa mwayamba mgaiwa. Amene simunayezetsepo, pitani ku Malamulo, ku Thekerani kapena kuchipatala chilichonse chapafupi. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa chabe. Ndipo amayi a Dorika, mukamakonza chakudya cha pamodzi Sabata likubwerali, bwanji mphika umodzi wa nsima ukhale wa mgaiwa?